Lipoti la kuyendera sukulu ya charter: ana okhoza tidawaona, nanga ochoka aja?

Sukulu yomwe ndikufotokoza pano ili mu umodzi mwa mizinda ya m'chigawo cha Massachusetts ku America, m'dera la mabanja opeza movutikira, ambiri mwa iwo ochokera ku Haiti, Cape Verde ndi Dominican Republic. Imaphunzitsa kuyambira giredi 5 mpaka giredi 8. Dzina lake sinditchula, ngakhalenso la munthu aliyense wa pamenepo. Ndidali m'gulu la oyendera sukulu lomwe lidatumidwa kukaiona pamene chiphaso chake chochokera ku boma choyendetsera sukulu chinkayandikira kutha.

Kwa amene sanazolowere maphunziro a kuno, sukulu ya charter si pulaiveti monga momwe timaidziwira kwathu. Ndalama zake zimachokera ku misonkho, mwana salipira fizi ndipo salemba mayeso olowera. Ofuna malo akachuluka, amachita maere. Koma siyendetsedwa ndi ofesi ya maphunziro ya mzinda. Ili ndi bodi yakeyake, imadzilembera yokha aphunzitsi, imadziikira yokha nthawi yowerukira ndi malamulo a khalidwe. Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake: ikalephera kuchita zomwe idalonjeza, boma likhoza kuitseka. Lamulo loyamba lolola sukulu zotere lidakhazikitsidwa ku Minnesota mu 1991. Massachusetts idatsatira mu 1993, sukulu zoyamba n'kutsegulidwa mu 1995. Chiphaso kuno chimakhala cha zaka zisanu, ndipo pochiwonjezera pamafunsidwa zinthu zitatu: kodi sukulu ikuchitadi zomwe idalemba m'pangano lake, kodi ana akuphunzira, nanga pa ndalama ndi utsogoleri yaima bwanji.

Tidapita patangodutsa nthawi pang'ono chichitikireni voti ya November 2016, pamene anthu a m'chigawochi adakana, ndi mavoti pafupifupi 62 pa 100 aliwonse, kuti paziwonjezedwa sukulu za charter zofika 12 chaka chilichonse. Mkangano wake udali usanazizire. Mwana akapita ku charter, ndalama za maphunziro ake zimamutsatira kuchoka ku sukulu za mzinda, choncho chilichonse chomwe woyendera sukulu walemba, mbali zonse ziwiri zimachidikira kuti zichigwiritse ntchito pomenyana.

Zomwe mapepala adanena

Pamapepala sukuluyi idali yoti munthu n'kuombera m'manja. Pa mayeso a boma a MCAS, ana ake ankakhoza masamu ndi Chingerezi kuposa kutali anzawo a m'sukulu za mzinda zoyandikana nayo. Kukhoza kokha sitikukhulupirira kwambiri, chifukwa kumangosonyeza pomwe mwana ali, osati pomwe adachokera. N'chifukwa chake timayang'ananso muyeso wotchedwa SGP, womwe umayerekeza mwana ndi ana ena a m'chigawo chonse amene adapeza mamalikisi ofanana ndi ake m'zaka zam'mbuyo, n'kumupatsa nambala ya pakati pa 1 ndi 99. Sukulu yomwe ana ake ali cha m'ma 50 ikuyenda monga zinzake. Iyi pa masamu idali pamwamba ndithu, chaka ndi chaka. Mabuku a ndalama adali oyera. Mndandanda wa odikira malo udali wautali.

Ndinenenso kuti sitidapite ndi mtima wokayikira sukulu za mtundu uwu. Akatswiri a ku yunivesite ya MIT, Joshua Angrist ndi Parag Pathak pamodzi ndi anzawo, adayerekeza ana omwe adapeza malo pa maere m'sukulu za charter za ku Boston, mzinda waukulu wa m'chigawochi, ndi omwe maere sadawagwere, ndipo adapeza kuti opeza malowo amapita patsogolo kwambiri, makamaka pa masamu. Kafukufuku wa bungwe la CREDO la ku yunivesite ya Stanford wa mu 2015, yemwe adaona mizinda 41, adaikanso Boston m'gulu la malo omwe sukuluzi zikuchita bwino zedi. Koma zimenezo zikunena za sukulu zambiri pamodzi. Ife tidatumidwa kukaona imodzi.

Chizindikiro choyamba chidali pa tsamba lomwe anthu ambiri amangolidumpha, la chiwerengero cha ana m'kalasi iliyonse. Giredi 5 ndi giredi 6 zidali zodzaza. Giredi 7 idali yochepa, giredi 8 yocheperapo. Titatsatira gulu limodzi la ana kuchokera pomwe lidalowa mpaka pomwe lidamaliza, tidaona kuti pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu aliwonse sadafike kumapeto. Chaka chilichonse zidali choncho.

Pa izi zokha sukulu sidaphwanye lamulo. Lamulo la mu 2010 limati mwana akachoka, malo ake apatsidwe kwa wotsatira pa mndandanda wa odikira, koma silikakamiza kudzaza malo a m'theka lakumtunda la makalasi a sukuluyo. Kwa sukulu ya giredi 5 mpaka 8, ndiye kuti mpando ukatsala mu giredi 7 kapena 8 ukhoza kungokhala wopanda munthu. Chodabwitsa chidali china. Chiwerengero cha ana ochoka chomwe sukulu idatchula m'kalata yake yopempha chiphaso chidali chaching'ono, chosasiyana ndi cha sukulu za mzinda. Nanga ana ankasowera pati?

Yankho lili m'kawerengedwe. Nambala yomwe amaitcha attrition imawerenga ana omwe adalipo potseka sukulu mu June koma sadabwerere potsegulira. Mwana wochoka mu March salowamo. Iyeyo amaoneka pa nambala ina, yosonyeza ana omwe adakhala chaka chonse pasukulu imodzi, ndipo imeneyo kalata ya sukulu sidaitchule. Tidapempha kaundula wa ana ochoka wa zaka zonse za chiphasocho, mayina atafufutidwa monga lamulo loteteza zinsinsi za ana asukulu limafunira, pangotsala nambala ya mwana, kalasi ndi tsiku lochoka. Masiku ambiri adaunjikana pakati pa kumapeto kwa February ndi kumayambiriro kwa April. Mayeso a MCAS amayamba kumapeto kwa March n'kumalizira mu May.

Zomwe tidaona ndi maso

Apa munthu akhoza kuthamangira kunena kuti basi, akuba agwidwa. Koma titalowa m'makalasi nkhani idavuta, chifukwa kaphunzitsidwe kadali kabwino zedi.

Mu giredi 6, mphunzitsi wa masamu adatenga pepala la mwana wina, dzina atalipinda, n'kulionetsa pakhoma: theka kuphatikiza gawo limodzi mwa magawo atatu, yankho 2/5. Sadanene kuti n'kulakwa. Adangofunsa kuti munthu angadziwe bwanji ngati yankholi ndi loona popanda kuwerengetsanso. Adawapatsa kanthawi kokambirana awiriawiri, iye akuzungulira ndi kabuku m'manja akulemba zomwe akumva. Kenaka adaloza mtsikana wina wakumbuyo yemwe sadakweze n'komwe dzanja. Mtsikanayo adati, m'Chingerezi chodukaduka, 2/5 ndi yochepa kuposa theka, ndiye zingatheke bwanji kuti uwonjezere kanthu pa theka n'kupeza chochepa kuposa theka lomwelo. Mphunzitsi adauza mnyamata wina kuti abwereze mfundoyo m'mawu akeake, kenaka wina ajambule pa mzere wa manambala. Belu lisanalire, mwana aliyense adayankha funso limodzi pakapepala n'kukasiya pakhomo, ndipo pofika masana aphunzitsi a masamu adali atagawa kale mapepalawo m'milu kuti adziwe oti abwerezedwe mawa. Ndayendera makalasi ochuluka, a m'madera olemera omwe, ndipo phunziro lotere si la tsiku ndi tsiku.

Kunja kwa kalasi ndiye kudali kwina. Ana ankayenda pamzere wolembedwa pansi, osayankhula. Kuiwala lamba, kucheuka mphunzitsi akuyankhula, kuusa moyo mokweza, zonsezi zidali ndi chilango chomwe amachitcha demerit, ndipo zikakwana zingapo pa tsiku mwana amatsalira anzake akaweruka. Tsiku la sukulu lidali lalitali kale, kuyambira m'mamawa mpaka chakumadzulo. Ine sindidana ndi mwambo pasukulu, ndipo makolo ambiri a m'deralo adaisankha chifukwa cha mwambo womwewo. Funso lathu lidali lakuti chilangochi chikugwera ana ati, ndipo chikuwafikitsa kuti.

Pokambirana ndi makolo, omwe amabwera amaitanidwa ndi sukulu. Ali ngati tomato wa pamwamba pa mulu: ndi weniweni, koma si mulu wonse. Onse adayamikira. Mwana wanga ankaopa masamu, pano akuphunzitsa mng'ono wake. Kuno kulibe ndewu. Aphunzitsi amayankha foni ngakhale usiku. Ndimakhulupirira kuti ankanena zoona. Chakumapeto ndidafunsa, kudzera mwa womasulira wa chiyankhulo cha ku Haiti, ngati pali amene ali ndi mwana wina yemwe adaphunzirapo pano kale. Mayi wina adakweza dzanja mwamanyazi.

"Mayi, wamkuluyo adamaliza pano?"

"Ayi bambo, ndidamuchotsa ali mu giredi 7."

"Adachita kukuuzani kuti mumuchotse?"

"Ayi, palibe adandiuza choncho. Adandiitana mu February, n'kundionetsa pepala loti akapanda kukweza sayansi abwereza kalasi. Adali atabwereza kale giredi 5. Ndiye adati ku sukulu ya mzinda sangabwereze, apita giredi 8 ndi anzake. Adati ndisankhe ndekha."

Adawonjezera kuti foni zomuuza kuti akatenge mwana masana zidamutopetsa. Amagwira ntchito yosamalira okalamba yolipidwa pa ola, ndipo akachoka pantchito ndalama ya maola amenewo imapita. Wamng'onoyo, adatero, ndi wofatsa, ndiye akukhala bwino.

Mawu amenewa ndiwo adatembenuza ulendo wonse, chifukwa adatilozera mabuku awiri oti tipemphe. Loyamba lidali la malamulo okwezera ana kalasi. Mwana amayenera kupeza mamalikisi 70 pa 100 m'phunziro lililonse lalikulu, ndipo makalata ochenjeza za kubwereza ankatumizidwa chigawo chachiwiri cha chaka chikatha, cha mu February. Titaika kaundula wa olandira makalatawo pambali pa kaundula wa ochoka, manambala ambiri adali omwewo. Lachiwiri lidali buku la paofesi ya kutsogolo, lomwe kholo limasainamo likamatenga mwana nthawi yoweruka isanakwane. Mlembi wa paofesipo adatipatsa mosavuta, poti kwa iye lidali buku wamba. M'malo olemba chifukwa, ena adalemba za kuchipatala, koma mizere yambiri idangoti kholo latenga, ndipo ana ake adali omwewo, kagulu kochepa ka anyamata, mlungu ndi mlungu. Lamulo la m'chigawochi lomwe lidayamba kugwira ntchito mu July 2014 limati mwana asanaimitsidwe sukulu, kholo lidziwitsidwe, mwana apatsidwe mpata wonena mbali yake, ndipo nkhaniyo ilembedwe n'kutumizidwa ku boma. Kuimbira kholo kuti lidzatenge mwana kuti akapume kaye kunkadutsa pambali pa zonsezi. Chiwerengero cha oimitsidwa chomwe sukulu inkapereka chidali chotsika, koma masiku omwe anawa ankataya sankawerengedwa paliponse.

Titafufuza kuti anyamata amenewa ndi ati, ambiri adali ana ofunika chithandizo chapadera, omwe ali ndi chikalata chotchedwa IEP. Chikalatachi chimanena thandizo lomwe mwana ayenera kulandira ndi kuchuluka kwa nthawi yake pa mlungu, ndipo lamulo la dziko lonse limamanga sukulu za charter pa zimenezi mofanana ndi sukulu zina zonse za boma. Malo a mphunzitsi mmodzi wa ana oterewa adakhala opanda munthu kwa miyezi, ndipo yemwe adatsala adatiuza poyera kuti maola sakukwana. Mwana yemwe chikalata chake chimati azipatsidwa mpata woimirira ndi kuyendayenda ankalandira demerit chifukwa choimirira, popeza aphunzitsi atsopano, omwe adali ambiri chaka chilichonse, sadali atawerenga chikalatacho.

Kukambirana ndi a hedi, ndi kukangana kwathu

A hedi adali mayi wolimbikira ntchito, wokulira m'dera lomwelo. Titawaonetsa makaundula awiri aja sadakwiye, ndipo sindikhulupirira kuti adali atawaikapo pamodzi chiyambire. Adati iwo sangakweze mwana wosadziwa kuwerenga bwino kuti akagwe ku sekondale, ndipo kunamiza ana osauka kuti akhoza ndiko kwawononga dera lawo kwa zaka zambiri. Adatinso mabanja a kuno amasamukasamuka chifukwa cha lendi. Mfundo yoyambayo ndi yolemera ndipo sitidaipeputse. Yachiwiriyo tidali titaiyesa kale: mafomu ochokera ankasonyeza sukulu yomwe mwana akupita, ndipo ochuluka ankangopita ku sukulu za mzinda womwewo, zina za mumsewu wapafupi. Ndidawafunsa kuti, "Mayi, bodi yanu imalandira chiwerengero cha ana ochoka pakati pa chaka?" Adaganiza kaye n'kuti imalandira zotsatira za mayeso, za ndalama, ndi kutalika kwa mndandanda wa odikira. Mamembala a bodi titakumana nawo adavomereza zomwezo. Palibe mwa iwo amene ankadziwa kuti giredi 8 ndi yaying'ono chotero chifukwa chiyani.

M'gulu mwathu mudabuka kusagwirizana. Mnzathu wina, yemwe adapuma pantchito ya uhedi m'sukulu za mzinda, adafuna tilembe mosabisa kuti sukuluyi imathamangitsa ana ofooka mayeso asanafike. Wina, yemwe adaphunzitsapo ku charter, adati tikufuna kugwetsa sukulu yokhayo m'deralo yomwe ana akuda ndi obwera akuphunzira masamu enieni. Aliyense adali ndi mbali ya choonadi.

Tidagwirizana kusalemba mawu oti kuthamangitsa. Tidalibe umboni wa cholinga: palibe kalata, palibe mphunzitsi kapena kholo lomwe lidati lidauzidwa kuti lichoke. Ndipo tikadalemba za cholinga, sukulu ikadatsutsa cholingacho, mkangano n'kuthera pamenepo, manambala osayankhidwa. Tidalemba zomwe wina aliyense angathe kuzitsimikiza potsegula mabuku omwewo: tsiku lomwe makalata amatuluka, masiku omwe ana amachoka, kuchuluka kwa ochoka omwe adalandira kalata, kuchuluka kwa omwe ali ndi IEP, mizere ya m'buku la paofesi, ndi maola a chithandizo omwe sadaperekedwe. Tidakananso kuchepetsa zabwino kuti lipoti lioneke lolimba. Phunziro la masamu lija lidalowamo mokwanira.

Panali funso lina lomwe tidayenera kuliyankha mosamala: kodi kuchoka kwa anawa ndiko kudakweza zotsatira? Pa kukhoza, inde, mbali ina, chifukwa ochokawo ambiri adali a mamalikisi otsika, ndipo giredi 8 yotsalayo idali yosefedwa. Pa SGP nkhani ndi ina. Mu giredi 5 ndi 6, komwe malo ankadzazidwa ndipo ochoka adali ochepa, ana ankapitabe patsogolo kwambiri, kuphatikizapo omwe adalowa ali otsalira. Choncho tidalemba kuti sukuluyi imaphunzitsa bwino ana omwe ili nawo, koma zotsatira za makalasi akumtunda sizingatengedwe ngati chithunzi cha ana onse omwe idawalandira pa maere. Anzanga oyendera sukulu ku Malawi akuidziwa nkhani yotere: sukulu ikamalengeza kuti onse omwe adalemba mayeso a MANEB akhoza, funso lomwe limatsala ndi la kuchuluka kwa omwe adayamba nawo Fomu 1.

Chigamulo ndi zotsatira zake

Gulu loyendera silinena kuti sukulu itsekedwe kapena ipitirire. Ife timapereka zomwe tapeza, sukulu imapatsidwa mpata wokonza zomwe talemba molakwika, ndipo chigamulo chimachokera ku boma. Sukulu idatsutsa ziganizo zingapo, makamaka za buku la paofesi, ponena kuti makolo ena ankatenga ana mwa kufuna kwawo. Tidawonjezera mawu amenewo monga mbali yawo, manambala n'kuwasiya momwe adaliri.

Chiphaso chidawonjezedwa, koma ndi zoyenera kukwaniritsa. Sukulu idauzidwa kuti ilembe kuchotsedwa kulikonse kwa mwana m'kalasi kofika pomutumiza kunyumba, ibweze maola a chithandizo omwe ana adamanidwa, iunikenso malamulo ake obwereza kalasi, ndipo bodi izilandira chiwerengero cha ochoka mwezi ndi mwezi. Ndikuona kuti chigamulochi chidali choyenera. Kuitseka kukadabweza ana mazana ku sukulu zomwe makolo awo adazithawa, chifukwa cha vuto lomwe likadatha kukonzedwa. Kuisiya osanena kanthu kukadauza sukulu zina kuti njira ya mu February ndi yololedwa.

Chaka chotsatira chiwerengero cha oimitsidwa sukulu chidakwera kwambiri, ndipo otsutsa sukulu za charter adachigwiritsa ntchito. Sikuti ana adayamba kulangidwa kwambiri. Zomwe kale zinkabisala m'buku la paofesi zidayamba kulembedwa poyera. Amene amayang'anira sukulu ayenera kuyembekezera zimenezi ndi kuziteteza, apo ayi aphunzitsa ahedi kuti kunena zoona kumapweteketsa. Makalata a mu February adasinthidwa: m'malo mongochenjeza, ankabwera ndi ndondomeko ya maphunziro owonjezera ndi sukulu ya patchuthi, ndipo mwana yemwe adabwerezapo kale sankabwerezanso popanda msonkhano wa kholo, aphunzitsi ndi woona za chithandizo chapadera. Bodi idasankhanso, mwa kufuna kwake, kudzaza malo a mu giredi 7.

Kukhoza kwa giredi 8 kudatsika, osati kwambiri, koma mokwanira kuti ena a m'bodi adandaule. SGP ya masamu idakhalabe pamwamba. Aphunzitsi ena omwe ankakhulupirira kwambiri malamulo akale adachoka, ndipo makolo ena adadandaula kuti mwambo wafooka. A hedi aja adakhalapobe kanthawi kenaka adapita kukagwira ntchito kwina. Mu 2020 mayeso a MCAS sadalembedwe chifukwa cha Covid-19, ndipo mabanja ambiri adasamukadi m'zaka zimenezo, kotero manambala a pambuyo pake ndi ovuta kuwayerekeza ndi akale. Chomwe chidaoneka bwino mliri usanafike n'chakuti giredi 8 idakula, kutsala pang'ono kufanana ndi giredi 5, ndipo masiku ochokera ana sadaunjikanenso mu March.

Chinthu chimodzi chidatsala chosakonzedwa m'kayenderedwe kathu. Makolo a ana omwe adachoka sitiwafunsa, chifukwa ndondomeko yoyendera imatikumanitsa ndi okhawo omwe ali pasukulu. Mayi uja tidamupeza chifukwa adali ndi mwana wachiwiri pamenepo. Kuyambira ulendo umenewo, funso la mwana wamkulu ndimalifunsa pa msonkhano uliwonse wa makolo, ndipo kaundula wa ochoka, wokhala ndi masiku ake, ndimamupempha tisanafike n'komwe pasukulu.